Nyanja ya Malawi si ngalande ya ku Mangalande

Pali nkhani imene Amalawi anzathu amene adapondako kunja amakonda kuifotokoza akabwera kumudzi, ndipo masiku ano achinyamata akuionanso pa mafoni awo. Ati ku Mangalande ndi ku France banja limatha kupita padoko, kulipira ndalama, kupatsidwa makiyi a boti lokhala ndi mabedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo, n'kuyamba ulendo wa sabata yathunthu pamadzi popanda woyendetsa wina aliyense. Bambo kapena mayi ndiye kaputeni, ana ndiwo amalinyero. Akatha kufotokoza zonsezi amafunsa funso limodzi lomwelo: nanga ife, ndi nyanja yonse tili nayoyi, bwanji ku Mangochi kulibe zoterezi? Kodi tidalodzedwa?

Funsoli n'labwino ndipo tisalinyoze. Yankho langa ndi ili: theka la maganizo amenewa tilitenge lero lomwe, theka linalo tilisiye komweko ku Ulaya lisanatiphere anthu. Chotenga n'chakuti munthu wamba, kaya wogulitsa kaunjika mu Limbe, kaya wophunzira wa ku Zomba, ayenera kukhala ndi mwayi wopumula pamadzi a dziko lake pamtengo wodziwika bwino. Chosiya n'chakuti munthu amene sadagwirepo nkhafi chibadwire apatsidwe boti la injini n'kuuzidwa kuti muyende bwino, tionana Loweruka.

Tiyambe taona kuti anzathuwo zimawayendera bwanji. Madzi amene amayendapowo si nyanja ayi, ndi ngalande zokumba anthu. Imodzi mwa zoyambirira, ya Bridgewater, idatsegulidwa mu 1761 kuti izinyamula malasha kupita mu mzinda wa Manchester, ndipo maboti ake ankakokedwa ndi akavalo oyenda m'mbali mwa madzi. Sitima zapamtunda zitabwera, ngalande zambiri zidatha ntchito, zina zidadzala udzu ndi zinyalala. Mu 1946 anthu okonda madzi adayambitsa bungwe la Inland Waterways Association lomenyera nkhondo kuti ngalandezo zikonzedwe. Lero bungwe la Canal & River Trust, lomwe lidayamba mu 2012, likusamala ngalande ndi mitsinje yotalika pafupifupi makilomita 3,200 ku England ndi ku Wales. Ku France nako kuli Canal du Midi, ya makilomita 240, imene idatha kukumbidwa mu 1681.

Boti la m'ngalande za ku Mangalande n'lalitali koma lopyapyala, m'lifupi mwake pafupifupi mamita awiri basi, chifukwa ngalande zambiri n'zothina. Lamulo silola kuthamanga kupitirira makilomita 6 ndi pang'ono pa ola, kutanthauza kuti mayi amene wachedwa kumsika angathe kupikisana nalo ndi miyendo. M'malo ambiri munthu wamkulu akagwera m'madzi amaimirira mutu uli kunja. Mulibe mafunde, mulibe mvuu, mulibe ng'ona. Injini ikazima mumangoponya chingwe kumtunda, kutsika, n'kuimbira foni eni boti. Kusochera n'kovuta chifukwa njira ndi yomweyo, kutsogolo kapena kumbuyo. N'chifukwa chake wobwereka safunsidwa laisensi. Amangomuphunzitsa kwa kanthawi kagwiridwe ka chiwongolero ndi katsegulidwe ka zitseko zamadzi zimene boti limakwerera kapena kutsikira pamalo okwera, n'kumusiya azipita.

Musaganizenso kuti kumeneko zimangoyenda mwachisawawa. Boti lililonse lobwereketsa n'lolembetsedwa, limayenderedwa ndi akatswiri, lili ndi inshuwalansi, ndipo mtengo wake umalembedwa poyera munthu asanatulutse khobiri. Tsono mzungu uja samatetezedwa ndi nzeru zake kapena khungu lake. Zomuteteza n'ziwiri: madzi ofatsa ndi malamulo amene amatsatidwadi. Pa ziwirizi, choyambacho ife tilibe ndipo sitidzakhala nacho. Chachiwiricho tili nacho papepala.

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita opitirira 560 ndipo kumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Ili ndi mphepo zokhala ndi maina, ndipo asodzi akachipatsa dzina chinthu dziwani kuti chidawaliritsapo. Mwera umaomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira, cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mpoto umabwera nthawi ya mvula. Vuma amachokera kum'mawa. Kwa munthu amene waima pamchenga wa ku Cape Maclear mwera ndi wachinyengo zedi chifukwa umachokera kumtunda. Pafupi ndi gombe madzi amaoneka ogona tulo, koma ukangotalikirako pang'ono mphepo imakukankhira pakati pa nyanja, ndipo kuti ubwerere uyenera kulimbana nayo ndi mphamvu zako zonse. Mpoto nawo umasonkhanitsa mafunde mtunda wonse wa nyanja n'kudzawatula kumwera kuno.

Amene akuona ngati ndikukokomeza akaime pafupi ndi wotchi ya Mfumukazi Victoria paboma pa Mangochi, pambali pa mlatho, awerenge chikumbutso cha sitima ya Vipya. Sitima imeneyi idali yachitsulo, yatsopano, yoyendetsedwa ndi anthu odziwa ntchito, koma pa 30 Julayi 1946 namondwe adaimiza kufupi ndi Chitimba ndipo anthu 145 adatisiya. Chaka chomwe azungu ankayamba kukonza ngalande zawo kuti azisewererapo, kuno tidali pamaliro. Mu Epulo 2017 boti lonyamula Akhristu ochokera kumapemphero a Pasaka lidagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi ndipo mabanja adalira. Nanga pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, pamene mabasi amakhamukira kunyanja atadzaza? Kangati konse timamva m'mawa mwake kuti wina sadabwerere kwawo?

Wina anena kuti chabwino, nyanja tiisiye, koma tili ndi mtsinje wa Shire. Kuchokera pamene ukutuluka m'nyanja, kudutsa paboma pa Mangochi, kulowa m'nyanja ya Malombe mpaka kukafika ku Liwonde, madzi ake amayenda mofatsa popanda mathithi. Zimenezo n'zoona, ndipo mtsinjewu udakhalapo msewu waukulu wa dziko lino. Sitima yoyamba ya Ilala idadutsa momwemu mu 1875 ikupita kukakhazikitsa mishoni ku Cape Maclear, ndipo pambuyo pake sitima za kampani ya Mandala zinkanyamula anthu ndi katundu pakati pa Matope ndi Fort Johnston, amene lero tikuti Mangochi. Ngati m'dziko muno muli madzi ofanako ndi ngalande za ku Ulaya, ndi amenewa. Kukongola kwake n'kosachita kufunsa, migwalangwa mbali zonse, nkhwazi zikulira m'mitengo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Shire ali ndi eni ake. Mukamayandikira nkhalango ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira mu 2015, mvuu ndi ng'ona n'zosawerengeka, ndipo maboti a alendo m'menemo amayenda ndi munthu wodziwa pamene mvuu ya mwana yabisala. Mu Meyi 2023 mvuu idagubuduza bwato lodzaza anthu pamtsinje womwewu ku Nsanje, mwana adamwalira ndipo anthu ena ambiri adasowa. Amenewo adali anthu obadwira m'mbali mwa madzi. Onjezani namasupuni amene amakola injini, ndi Malombe amene ndi wosaya moti boti limatitimira m'matope mwadzidzidzi. Mtsinjewu umasinthanso. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idaphwera mpaka madzi adaleka kutuluka kulowa mu Shire. Mu 2024 nyanja yomweyo idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo. Njira imene idali yabwino chaka chatha chaka chino ndi msampha, ndipo amene amadziwa zimenezi ndi munthu woyendamo tsiku ndi tsiku.

Palinso chinthu china chimene alendo ndi ife a m'tauni timaiwala. Ngalande za ku Mangalande zidasanduka malo osewerera chifukwa ntchito yake yakale idatha. Nyanja yathu ntchito siidathe. Kwa munthu wa ku Msaka, ku Malembo, ku Makawa kapena kwa Makanjira, nyanja ndi munda, ndipo m'munda mwa mnzako suyendetsamo galimoto mongofuna kupitidwa mphepo. M'madzi muja muli matchera amene atchedwa madzulo kuti akawonjoledwe m'mamawa. Usiku nyali zimene timazijambula tikuti n'zokongola zija ndi anthu ali pantchito, siginala akukopa usipa, anzake akudikira kukoka chilimira. Mlendo woyendetsa yekha sadziwa kuti chigubu choyandama chija n'chizindikiro cha ukonde. Akaudula ndi injini, n'kubweza makiyi m'mawa mwake, n'kulowera ku Lilongwe, adzalipira ndani? Ukonde umenewo mwina udagulidwa ndi ngongole.

Asodzi athu ali kale pamavuto. Chambo cha ku Malombe, chimene chinkadyetsa Blantyre ndi Zomba, chidatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kaamba kopha mopitirira muyeso. Mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'magombe kumeneko pofuna kuti eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba, ndipo lero makomiti oterewa ali m'magombe ambiri a nyanja yaikulu. Tsono dongosolo lililonse la maboti osangalalira liyenera kudutsa kwa anthu amenewa ndi mafumu awo. Kukhazikitsa bizinesi pamadzi popanda kuwafunsa n'kuputa mkangano umene udzathere ku polisi, kaya kuchipatala.

Ndiye pali anyamata a maboti. Pamudzi wa Chembe ku Cape Maclear pali mabanja ambiri amene amadya chifukwa mwana wawo amatenga alendo kupita nawo kuchilumba cha Thumbi kapena cha Domwe, kuwaonetsa mbuna m'miyala, kuitana nkhwazi ndi likhweru n'kuiponyera nsomba, kuwawotchera kampango pagombe. Malo amenewa adakhala nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse kaamba ka nsomba zimene sizipezeka kwina kulikonse. Anthu a m'mudzimo adaletsedwa kupha nsomba pafupi ndi miyala ya zilumbazo, nauzidwa kuti phindu lawo lidzachokera kwa alendo. Tsopano tibwere ndi maboti amene safuna woyendetsa? Mawu akuti kuyendetsa wekha amamveka okoma m'makutu mwa wobwereka. Kwa mnyamata wa pa Chembe tanthauzo lake n'lakuti ntchito yatha.

Sitiyenera kupita kutali kuti tione njira ina. Pa nyanja ya Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, pali maboti akuluakulu okhala ngati nyumba amene mabanja, magulu a antchito ndi anzawo amabwereka kwa masiku angapo. Amagona momwemo, amaphika momwemo, amawedza nsomba momwemo. Koma botilo limabwera ndi kaputeni wake ndi omuthandiza, kawirikawiri ndi wophika yemwe. Anzathuwo adaona kuti madzi awo ali ndi namondwe, mvuu, ng'ona ndi zitsa za mitengo imene idamira damu litamangidwa, ndipo adakonza bizinesi yogwirizana ndi madzi awo. Mlendo amasangalala, mwini boti amapeza ndalama, anthu atatu kapena anayi amalandira malipiro. Chitsanzo choyenera Mangochi n'chimenechi.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ndikuyesa anthu akuluakulu ana. Ati galimoto timabwereka n'kuyendetsa tokha, bwanji boti? Abale anga, wobwereka galimoto amaonetsa laisensi, umboni woti adaphunzira ndipo adayesedwa. Ndi angati mwa ife a m'tauni amene angasambire kuchokera pakati pa bwalo la mpira kukafika pagolo? Galimoto ikafa mumaikankhira pambali n'kukhala pansi pa mtengo kudikira makaniko. Boti likazima pakati pa Nkopola ndi chilumba cha Boadzulu palibe pambali poimika, mphepo ndiyo imasankha kumene mukagone. Enanso ati kulipira woyendetsa kukweza mtengo. Inde kukweza, koma gawani malipiro a munthu mmodzi pakati pa anthu khumi muone ngati akuposa mtengo wa mowa umene mwanyamula. Walira mvula walira matope. Amene akufuna kukoma kwa nyanja alipirenso munthu amene amubweze kumtunda ali moyo.

Tsopano tibwere ku theka lija ndati tilitenge. Chimene chimandikhudza pankhani ya ngalande za ku Ulaya n'chakuti amene amadzaza mabotiwo ambiri ndi eni dziko: aphunzitsi, anamwino, opuma pantchito, ophunzira amene asonkherana. Kwathu kuno nyanja tidaigawa pawiri. Pali nyanja ya ntchito, ya asodzi ndi ogula nsomba, ndiye pali nyanja ya tchuthi, ya alendo ndi mabwana. Amayi ogulitsa usipa ku Ndirande kapena mumsika wa Lilongwe amaidziwa nyanja kuposa nduna zambiri. Amafika usiku, amagona pagombe pafupi ndi thandala, amakwera lole m'mawa ndi madengu awo. Koma afunseni ngati adaonapo mbuna zikusambira pa Thumbi. Zaka makumi awiri munthu akupita ku Mangochi mwezi ndi mwezi, osakwerapo boti tsiku limodzi mongofuna kusangalala. Boma limatiuza kuti zokopa alendo tiziyamba ndife Amalawi. Tiyambira pati?

Yendani pamsewu wochokera paboma pa Mangochi kupita ku Monkey Bay muwerenge mipanda. Magombe abwino ambiri ali kuseri kwa geti, ena a mahotela, ena a makampani, ena a anthu amene amabwera kawiri pachaka. Anthu a m'midzi amatsala ndi tinjira topanikizika topita kukatunga madzi ndi kukachapa. M'malo ena mitengo imalembedwa m'madola ngati kuti kwacha ndi ndalama ya dziko lina. Sindikudana ndi mahotela, amalemba anthu ntchito ndipo amalipira msonkho. Koma ngati mwana wa sukulu wochokera ku Dedza sangapeze poima kuti aone nyanja imene amaijambula pa mapu m'kalasi, ndiye kuti penapake tidagulitsa zambiri kuposa zimene tinayenera kugulitsa.

Anyamata a maboti nawonso tisawanyengerere, pakuti ndawaikira kumbuyo pamwambapa. Kabwerekedwe ka boti m'magombe athu ambiri n'kosalongosoka. Mtengo umatengera nsapato zimene wavala ndi chilankhulo chimene wayankhula. Ukangotsika m'basi anthu asanu akuzinga, aliyense akuti boti lake ndiye labwino, mpaka mlendo amaopa n'kubwerera kuchipinda. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi, ngati alipo, ndi atatu pa anthu khumi ndi awiri, enanso zingwe zidaduka kale. Pa tsiku la chikondwerero boti la anthu khumi limanyamula makumi awiri chifukwa ndalama yake ndi ya lero lokha. Mafuta amathiridwa ongokwanira kupita, kubwerera n'kwa Mulungu. Zoterezi ndi zimene zimapatsa mphamvu anthu onena kuti bola kuyendetsa wekha. Ngati anyamatawa akufuna kuti ntchito ikhale yawo, aisamale.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, lamulo la maulendo a pamadzi lilipo kale, ndipo nthambi ya boma yoona za pamadzi iliponso. Boti lililonse lonyamula anthu molipiritsa lilembetsedwe, liyenderedwe chaka ndi chaka, ndipo pambali pake palembedwe ndi penti nambala yake ndi chiwerengero cha anthu amene lingatenge, monga zimakhalira pa minibasi. Majekete akhale okwanira aliyense, a ana omwe. Apolisi a pamadzi asamangobwera kudzavuula mitembo. Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa Tsiku la Anakubala akhale pagombe kuwerenga mitu boti lisananyamuke. Pamsewu timaika apolisi ambirimbiri masiku amenewa, koma pamene anthu omwewo akukathera ulendo wawo pamakhala popanda woyang'anira.

Chachiwiri, maphunziro. Ku Monkey Bay kuli Marine Training College imene imaphunzitsa amalinyero a sitima. Ku Mpwepwe kuli sukulu ya zausodzi. Kodi n'chovuta chiyani kukonza maphunziro a masabata ochepa, m'Chichewa ndi m'Chiyao, a anyamata ndi atsikana oyendetsa maboti a alendo? Nyanja akuidziwa kale kuposa aphunzitsi awo. Chimene akusowa ndi kupulumutsa munthu womira, chithandizo choyamba, kukonza injini ikavuta, malamulo a nkhalango yotetezedwa, ndi kapepala kosonyeza kuti adayesedwa. Kapepala kameneko kadzasiyanitsa woyendetsa weniweni ndi munthu amene wangobwereka boti la amalume ake chifukwa waona basi ya alendo.

Chachitatu, khonsolo ya boma la Mangochi ikhale pansi ndi mafumu, makomiti a m'magombe ndi eni maboti, agwirizane mitengo ndipo ikhomedwe pachikwangwani pagombe lililonse: kupita ku Thumbi mwakuti, ku Domwe mwakuti, theka la tsiku mwakuti, m'makwacha. Kukhala ndi mtengo wa eni dziko ndi mtengo wa alendo si chinthu chachilendo, pageti la nkhalango zathu zotetezedwa Mmalawi amalipira kale zocheperapo. Chofunika n'chakuti zikhale zolembedwa kuti wina asabedwe ndipo wina asanyozedwe. Khonsolo yomweyo isunge magombe angapo a anthu onse, okhala ndi chimbudzi, mthunzi, poimika basi ndi munthu wodziwa kusambira woyang'anira. Malo oterewa akapanda kusungidwa lero, zaka khumi zikubwerazi sadzapezekanso.

Chachinayi, kwa amene mtima wawo uli pa kugwira okha chiwongolero, malo awo alipo. Ku Cape Maclear alendo amabwereka kale timabwato topalasa ndi manja n'kumazungulira pafupi ndi gombe. Zimenezi zikhoza kukula popanda vuto ngati pali malire oikidwa ndi zigubu zoyandama, ngati wobwereka wavala jekete, ngati pali boti la injini lodikira pagombe, ndiponso ngati mwini malo ali ndi mphamvu yonena kuti lero ayi, mwera wadzuka. Pa boti lalikulu palibe choletsa kaputeni kukupatsani chiwongolero pamalo abwino, iye ali pambali panu, kuti mujambulitse chithunzi chanu. Munthu amene akufunadi kuyenda yekha ndi injini akaphunzire, ayesedwe, atenge chiphaso monga amachitira wa galimoto.

Kwa inu amalonda, apa pali bizinesi imene ikudikira munthu. Ambiri tikapeza kandalama timaganiza za minibasi, ndipo taonani mmene adzazira pa siteji. Maboti a matabwa amakhomedwa ku Mangochi komweko ndi amisiri athu. Gulu la anthu khumi a banki m'khonde likhoza kusonkha, kukhometsa boti lokhala ndi denga ndi mipando, kugula injini ndi majekete, kulemba woyendetsa wa m'mudzi momwemo, n'kumagulitsa ulendo wathunthu kwa masukulu, makwaya, magulu a amayi ndi maofesi: basi, boti, nsima ya chambo ndi pogona, mtengo umodzi. Makasitomala mukuwadziwa kale chifukwa ndi anzanu a mumsika ndi a kutchalitchi. Kumbukiraninso zimene zidachitika mu 2024. Amene adamanga nyumba za alendo pamchenga adaona madzi akulowa pakhomo, pamene boti lidangokwera limodzi ndi nyanjayo. Koma wolowa bizinesi imeneyi adziwe kuti miyezi ya mwera ndalama imachepa, ndipo akakana kumvera woyendetsa wake chifukwa cha dyera adzataya boti ndi mbiri tsiku limodzi.

Aboma nawo asatenge nkhaniyi ngati mwayi wina wa maloto akuluakulu. Tonse tikukumbuka doko la Nsanje, limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegulira mu Okutobala 2010 pamaso pa atsogoleri a maiko oyandikana nawo, tikulonjezedwa kuti sitima zizichokera kunyanja ya mchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Sitima imene inkayembekezeka tsikulo idagwidwa ku Mozambique, ndipo dokolo lidatsala chipilala cha simenti. Za pamadzi sizifuna nyimbo ndi nsalu za chipani. Zimene ndatchula pamwambazi n'zazing'ono: penti, majekete, chikwangwani, maphunziro a masabata ochepa, kadoko ka matabwa kokwererapo. Mwina vuto lake n'lomwelo, kuti n'zazing'ono moti palibe nduna imene ingabwere kudzadula riboni.

Ophunzira, inu amene mumakonza maulendo a kunyanja mayeso akatha, musadikire boma. Safunsa adadya phula. Musanakwere funsani kuti botili limatenga anthu angati, ndipo muwerengane. Funsani majekete, muwavale ndi kumanga zingwe musananyamuke, chifukwa jekete lokhalira silipulumutsa munthu. Onani ngati muli nkhafi ndi chokapira madzi. Gwirizanani mtengo ndi nthawi yobwerera muli pamtunda. Yendani m'mawa, ndipo woyendetsa akanena kuti nyanja yaipa musamunyengerere ndi ndalama kapena kumuseka kuti ndi wamantha. Mnzanu amene waledzera atsale pamchenga, akwiye, adzakuthokozani mawa. Musaimirire nonse mbali imodzi pofuna chithunzi. Ndipo mukasambira pamalo a bango ndi madzi odekha, kumbukirani likodzo, mukapite kuchipatala mukabwerera. Zonsezi sizichotsa chisangalalo. Chochotsa chisangalalo ndi kuimbira foni makolo a mnzanu usiku.

Za ku Mangalande tazimva ndipo tatolapo zathu: mtengo wolembedwa, boti loyenderedwa, ndi eni dziko kusangalala pamadzi awo. Makiyi okha ndiwo akhale m'manja mwa che uje wa pagombe, amene akayang'ana mtambo pamwamba pa phiri amadziwa kuti pakutha pa ola nyanja ikhala yotani. Aphungu a Mangochi, makhansala ndi akuluakulu a zokopa alendo ali ndi nthawi yokwanira yoika chikwangwani cha mitengo ndi majekete pa Cape Maclear, pa Monkey Bay ndi pa Nkopola tsiku la 15 Okutobala lisanafike. Tidzapita kukaona.